Nyimbo Imene Amayi a m'Linga Sanayankhe

Kale, nkhondo zisanathe m'dziko, pa Phiri la Chingoli panali linga la mfumu Kachiwanda. Mpanda wake unali wa mitengo ya minga, khomo limodzi lokha, ndipo amene analowamo atamangidwa chingwe m'khosi sankatulukanso, kupatula popita kudambo kukatunga madzi, alonda ali pambuyo.

Chaka china ankhondo a Kachiwanda anathira nkhondo mudzi wa kutsidya, napha amuna pa doko. Pakati pa ogwidwa panali Nambewe, mayi wodziwa kupeka nyimbo, ndi mwana wake wamkazi Ndaziona, amene anali asanagule mano. Mwamuna wake, Mpingasa, anafera pa doko pomwepo atatchinga njira kuti akazi athawe. Nambewe anaziona ndi maso ake.

Pa linga limeneli panali mwambo. Nkhondo iliyonse inkaimbidwa pa bwalo nthawi yokolola, ndipo chimene mtsogoleri wa nyimbo waimba, amayi nkuyankha ndi m'manja, chinkakhala mbiri, ndiponso umboni woti palibe angautsutse pa mlandu. Koma nyimbo zonsezo zinkayenda njira imodzi, ngati ng'ombe zopita kudambo. Adani amathawa nataya mikondo. Mfumu imalasidwa koma osagwa. Kumapeto mkazi wogwidwa amapukuta misozi, nkuona kuti womugwirayo ndi wokongola, nkumukonda. Anthu ankadziwiratu mathero, komabe ankawafuna omwewo.

Nduna yaikulu, Mbalule, inaitanitsa Nambewe pamaso pa akuluakulu. Inayankhula mosakweza mawu.

"Mayi, akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Inu mwaipa pokhala wa kutsidya, koma nyimbo mukuidziwa. Mudzaimba kuti Mpingasa anathawa, ndi kuti mtima wanu wakhazikika pa mfumu yathu. Amayi akayankha, mudzalowa m'nyumba ya mfumu. Mukakana kuimba, amalonda a minyanga akubwera mwezi ukakhala, ndipo amagulanso ana."

Nambewe anapempha kuti aimbe za mvula kapena za mapira. Anamukaniza. Anapempha kuti dzina la mwamuna wake alisiye kunja kwa nyimbo. Mbalule anati nyimbo yopanda wothawa siyenda.

Masiku amenewo mkazi wamkulu wa mfumu, Nangondo, sanamuyankhule zambiri. Koma tsiku lina Nambewe anapeza kamchere kokulunga m'tsamba pakhomo pake. Tsiku linanso, akusinja, munsi utamulemera, Nangondo anaulandira, nasinja mpaka gaga atachoka. Akupeta ndi pamene Nangondo anafunsa dzina la mwamuna wa Nambewe, ndi mmene anafera. Nambewe anafotokoza zonse. Nangondo anangoti nayenso mwamuna wake woyamba ankatchedwa Chilembwe wa ku Msinja, ndipo sanathawe, ngakhale nyimbo imati anathawa, nyimbo imene anaimba yekha pa bwalo lomwelo mano ake onse akadali m'kamwa.

"Ndiye ndichite chiyani, amayi?"

"Imbani, achemwali. Mwana ndi wanu. Zinazo si zanu."

Tsiku linafika dzuwa lili paliwombo. Ng'oma zinalira, amayi makumi anayi anakhala mozungulira, ambiri mwa iwo obwera ndi chingwe. Nambewe anaimba za mfumu yolasidwa osagwa, amayi nayankha, m'manja muli phuphuphu. Ndaziona anali kumsana kwa mayi wina amene anadzipereka kumubereka. Ndipo Nambewe anaimba kuti Mpingasa anataya mkondo nathawa.

Nangondo anaika manja pa miyendo.

Woyandikana naye anaona, nachita chimodzimodzi. Bwalo lonse linangoti zii, ng'oma yokha ikugunda, nayonso inachita manyazi nkuleka. Mbalule analamula kuti abwereze. Nambewe anabwereza katatu, mawu ake osanjenjemera, mpaka kufika poti mtima wake wakonda mfumu. Palibe dzanja linakhudza linzake.

Akuluakulu anakhala upo tsiku lomwelo. Mbalule anafuna kuti mwanayo agulitsidwe. Koma nkhalamba ina ya bwalo inati: "Tinamuuza kuti aimbe, ndipo waimba, tonse tamva. Mlandu wake uli pati? Nyimbo yosayankhidwa ndi mbewu yogwera pa thanthwe, ukwati palibe. Mukafuna kulanga, langani onse makumi anayi, ndipo mawa mudzasinje nokha." Kachiwanda anayang'ana mkazi wake nthawi yaitali. Nangondo ankayang'ana pansi mwaulemu, monga ankachitira masiku onse.

Musaganize kuti khomo linatseguka. Nambewe anakalambira m'linga momwemo, akutunga madzi alonda ali pambuyo, ndipo doko la kwawo sanalionenso. Koma Ndaziona anakulira pambali pake, akudziwa kuti bambo ake anafa ataima.

Ife adzukulu a Ndaziona timaimbabe nyimboyi. Atsikana a masiku ano amakonda kuikonza. Mwana wanga wachiwiri anaipekera mathero akuti Mpingasa sanafe, anabwera ndi ankhondo nkugwetsa mpanda, ndipo anzake anaombera m'manja. Ine sindiwaletsa, mtima wa mwana umafuna khomo lotseguka. Chimodzi chokha ndimawapempha. Tikafika pa mawu aja akuti anathawa, aike manja pa miyendo.