Mphini Pansi pa Lilime la Ignasio

Ignasio analakwa, ndipo sakana. Anasirira mpando wa munthu amene ankamuphunzitsa ntchito, ntchitoyo asanaidziwe.

Atamaliza sukulu ya ku mishoni, alibe ndi nsapato zomwe, ansembe anamutumiza ku esiteti ina kufupi ndi Nchema kuti akaphunzire kwa a Gregorio. A Gregorio ndiwo ankanyamula mawu a mzungu, mwini esitetiyo, kupita kwa anthu a thangata, n'kubwerera ndi madandaulo awo. Kuphunzira kwake kunali kuyenda pambuyo pawo: kudya nawo mbale imodzi, kukhala nawo pamaliro, kupereka moni m'Chilomwe ndi m'Chiyao, kumvetsera nkhalamba mpaka itatsiriza yokha.

"Yamba waphunzira kutseka pakamwa, mwana wanga," ankatero. "Zipite mvula zitatu, kenaka udzalankhula."

Koma Ignasio akayang'ana njinga yawo ndi jekete lawo, mtima unkamuwawa. Chaka chisanathe anapita kwa sing'anga wina kuphiri, dzuwa lili paliwombo.

"Ndikufuna anthu azimva ine."

"Zapafupi zimenezo. Tukula lilime." Sing'angayo anatema mphini pansi pake n'kupakamo zakuda. "Koma mkwiyo wa anthu sufa, mphwanga, umafuna potera. Akakwiya, uziwapatsa dzina."

"Dzina la yani?"

"La amene unadya naye mbale imodzi. La mlendo siligwira. Ukakhala chete, utera pa iwe."

Ignasio analavula magazi, n'kuvomera.

Mzungu atawonjezera masiku a thangata, anthu anadzaza pabwalo la ofesi, makasu ali m'manja. A Gregorio ali mkati mopereka moni kwa akuluakulu, Ignasio anadzambatuka.

"Mzungu sanaziganize yekha izi. Anamunong'oneza ndi a Gregorio awa."

Anthu omwewo amene a Gregorio ankawalirira maliro anawagwetsa pansi. Mpini wa khasu unawathyola nsagwada, diso limodzi linaphulika. Mpando anapatsidwa Ignasio.

Zinamuyendera ndithu: njinga, nyumba ya malata, sitolo pamsewu, ndiponso mkazi wabwino, Felista. Mlandu ukabuka, iye ankatchula dzina. Mnzake wa kusukulu anadulidwa dzanja ndi chikwanje. Amalume ake anawotcheredwa nyumba ndi nkhokwe. Abale ataona mmene zinkathera, analeka kudya naye. Felista, pomva chisoni kuona mwamuna akudya yekhayekha, anasiya mwambo woti akazi azidya paokha n'kumakhala naye pambale. Ignasio sanamuletse.

Chaka cha njala, mzungu analamula kuti mabanja makumi atatu achoke pamalo pake, nyumba zawo zigwetsedwe. M'mawa mwake anthu anafika kwa Ignasio ndi miyala. Wodziwa ntchito akanawayalira mphasa, akanadziwa nkhalamba yoyamba kuipatsa moni, akanapita nawo kukadandaula ku ofesi. Ignasio ankadziwa kuloza basi. Mwala woyamba utamung'amba khutu, pakamwa panatseguka.

"Ndi Felista. Ndiye anapereka mayina anu kwa dona, mkazi wa mzungu."

Anamupeza pamtondo akusinja madeya. Sanathawe. Anangoyang'ana mwamuna wake mpaka musi womwewo unamutera pamutu.

Nyumba zija zinagwetsedwabe. Anthu atabweranso, mayina oti atchule anali atatha. Anawotcha sitolo, anamuthyola mwendo, ndipo mzungu analemba wina ntchito sabata yomweyo. Ignasio anazungulira mutu. Zaka zinayi ankatola makoko a nthochi pamsika, ana akumugenda.

Anyamata a sukulu, imvani. Ntchito yolankhulira anthu imaphunziridwa poyenda pambuyo pa woidziwa, ngakhale wapansi, ngakhale ndi njala. Chuma cha mankhwala chimayamba kudya wokuphunzitsa, chimatsiriza ndi wa m'nyumba mwako.

Mutu utabwerera, anatsimphina mpaka ku Likoswe, kumene a Gregorio ankakhala kwa mwana wawo. Anawapeza pakhonde akuluka lichero, amayi angapo akupeta pabwalo. Anagwada pafumbi.

"Ndani uyo?" anafunsa, mawu akutuluka mopotoka.

"Ndine Ignasio, bambo."

"Mneneri wa mzungu uja? Unalankhula zambiri iwe. Kwatsala chiyani?"

Amayi aja anasiya kupeta. Ignasio anakweza mawu kuti nawonso amve.

"Inu simunanong'oneze mzungu kanthu. Felista sanapereke dzina la munthu. Ndinanama ndine, diso lanu ndinaboola ndine, mkazi wanga ndinapha ndine. Pepani, bambo."