Matabuleti Atazima ku Ndunde

Chiperoni chinali chitagwira Ndunde kuyambira kumayambiriro kwa sabata. Dzuwa silinaoneke, phiri la Chiradzulu linabisika mu nkhungu, ndipo sola ya padenga la sukulu inkangonyowa, osatchaja matabuleti a ana. Lydia Nabanda atatsegula bokosi la matabuleti m'mawa umenewo, anapeza kuti oyaka ndi ochepa chabe. Linali tsiku loti a Funsani, mphunzitsi wake wa ku koleji, adzamuone akuphunzitsa. Akanalephera, akanabwereza chaka chonse cha maphunziro ake a uphunzitsi.

Lydia anali wa ku Ndirande, ndipo kuno analibe mnzake. Ankachita lendi kachipinda kuseri kwa tchalitchi, ankadya yekha, kumsika ankapitanso yekha. Aphunzitsi ena akamacheza pansi pa mtengo wa mango, iye ankatsala m'kalasi n'kumapukuta magalasi a matabuleti. Zipangizozo ankazikonda kwambiri. Ana a Sitandade 3 akavala mahedifoni, m'kalasi munkangoti zii, aliyense maso pagalasi lake. Iye ankangoyenda kumbuyo kwawo, osatsegula pakamwa.

"Achemwali, mawuwo mukusungira kwaya ya Lamulungu?" Mayi Kalinde, eni kalasiyo, ankamuseka motero. Lydia ankangomwetulira n'kuyang'ana pansi.

A Funsani anafika pa kabaza, jekete ili chinyowere, nakhala kumbuyo kwa kalasi. Lydia anagawa matabuleti oyakawo kwa ana a kutsogolo. Otsalawo anangopinda manja m'malaya chifukwa cha kuzizira. Iye anatembenukira kubolodi n'kuyamba kulemba masamu ochotsera, mzere ndi mzere, osacheuka. Phokoso linayamba. "Chete," anatero, koma mawuwo sanafike ngakhale pamzere wachiwiri. Kamtsikana kena ka pazenera kanakweza dzanja mpaka kutopa, kenako kanalitsitsa.

Belu litalira, a Funsani anamuitanira pakhonde.

"Mtsikana anakweza dzanja pazenera uja, dzina lake ndani?"

Lydia anasuzumira m'kalasi. "Amagwiritsa ntchito tabuleti ya chikwama chobiriwira, yosweka pakona."

"Sindinafunse za tabuleti, Nabanda."

Madzi ankadontha kuchokera kumalata.

"Lero sindikupatsa malikisi," anatero a Funsani akumanga mabatani a jekete. "Ndibweranso kumapeto kwa mwezi. Kukakhala dzuwa kapena ayi, umenewo ndi mwayi wako womaliza."

Poweruka, Lydia anadzera kanjira ka m'minda ya nandolo. Ana ankamudutsa akuthamanga, mabuku atawabisa m'mapepala a shuga kuti asanyowe. "Madamu, tapita! Madamu, mawa!" Iye ankangokweza dzanja. Anayesa kutchula dzina la mmodzi yekha mumtima, koma silinabwere. Atafika kuchipinda kwake anakhala pamphasa osavula nsapato, akumvetsera ana a eni nyumba akuitanana mayina panja.

M'mawa mwake nkhungu inali pomwepo. Lydia anafika ndi chitini cha njere za chimanga chomwe anapempha kwa eni nyumba. Matabuleti oyakawo anawaika pakona, kuti ana azisinthana m'magulu. Ena onse anawakhazika mozungulira, iyenso nakhala pansi pakati pawo, chitenje atakulunga m'miyendo. Anawo anayang'anana. Mayi Kalinde anasuzumira pakhomo.

"Iwe wa pazenera," Lydia anayamba. "Pepa. Dzina lako ndani?"

"Faida, Madamu."

"Dzulo umafuna kufunsa chiyani, Faida?"

Mtsikanayo anakanda pansi ndi chala. "Masamu obwereka aja. Ndikalakwa, tabuleti imangoti ndiyesenso. Ndiyesenso, ndiyesenso. Koma siinena pamene ndalakwa."

"Inenso, Madamu!" anakuwa mnyamata wina. "Ine ndimangodina paliponse mpaka ilire."

Ana onse anaseka, ndipo Lydia anadabwa kudzimva akuseka nawo. Anakhuthula chimanga chija pasimenti, naunjika njere khumikhumi. Anaphwasula mulu umodzi pang'onopang'ono, akufotokoza, kenako anamuuza Faida kuti achite yekha. Faida anawerenga, nalakwitsa, nawerenganso. Atapeza yankho sanasekerere. Anangomuyang'anitsitsa Lydia kumaso.

"Bwanji, Faida? Sunamve?"

"Ndamva, Madamu," anayankha motsitsa. "Kani mawu anu ndi otere?"