Miyala Yopaka Laimu

Mayi wina wosoka zovala anachoka mochedwa kukagombe kobisika pakati pa matanthwe, kumene mlamu wake ankakhala yekhayekha n'kumakhoma maboti. Anapitako kukamuuza kuti amayi ake, omwe anali apongozi a mayiyo, ali kayakaya ndipo akumuitana. Mlamuyo anangopitiriza kupala thabwa, kenaka anati:

"Mlamu, kwathu ndinachokako nditayambana ndi bambo, ngakhale maliro awo sindinapite. Ndikalowa ndi nkhope yanji?"

Anamunyengerera mpaka kunja kunada, osaphula kanthu. Zinamuwawa kwambiri. Nanga apongozi akewo akawauza chiyani?

Pobwerera anapeza njira yamumchenga itamira, nyanja itadzaza. Inatsala yokwera thanthwe basi, imene sankaidziwa n'komwe. Mdima wandiweyani. Pansi mafunde ali mkokomo. Anayamba kukwawa. Mwala unagumuka... phava, m'madzi!

Kenaka anamva kanthu. Shwaa... shwaa...

Patsogolo pake panali bambo wachikulire, chidebe m'manja, akupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira. Ntchito yanji usiku ngati uno?

"Tsatani yoyerayi, mayi," anatero mkuluyo osacheuka. "Kumbuyoko kukubwera munthu?"

"Ayi bambo, ndili ndekha."

"Ndipakabe. Mwana sachedwa kwawo."

Anamutsatira. Burashi inkamveka. Mapazi ayi. Tsitsi nyaunyau! Atafika pamwamba anatembenuka kuti athokoze... kunalibe munthu. Miyala yokha mbee, kutsetsereka mpaka kugombe.

Anapeza apongozi ake akupumabe. Anagwada pambali pa bedi, nawafotokozera zonse, misozi ili chuchuchu. Iwo anagwira m'mphepete mwa diresi yake momwe munali laimu wamuwisi, namununkhiza.

"Ndi apongozi ako aamuna amenewo, mwananga," ananong'ona. "Iwe sunawapeze, anatisiya kalekale usanakwatiwe pano. Kupepesa ndi pakamwa kunkawakanika, eee, anali ouma mutu ngati mwana wawoyo. M'malo mwake, mwezi uliwonse ankakapaka miyala ija, ati tsiku limene adzabwere usiku asadzagwe."

Mayiyo anagwira dzanja lozizira la apongozi akewo.

Posakhalitsa pakhomo panamveka "Odi" wamanyazi. Atatsegula, anaona mlamu wake ali wefuwefu, mapazi ali mbuu ndi laimu.

"Ndinaona miyala ikuyera, mlamu," anatero. "Amayi ndawapeza?"

"Lowa," anayankha mawu ofooka kuchipinda. "Bambo ako akapume tsopano."