Maziko Olekeza M'mawondo

Pa nyumba zonse za m'mudzi mwathu mwa Tinago, imene ndinkaisirira inali ya Eustaquio Balasabas, amene tonse tinkangomuti Takyo. Inali yamatabwa ngati zathu zomwe, pafupi penipeni ndi nyanja, koma munali mtendere. Dzuwa likamalowa, iye, mkazi wake Petring ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Renante, ankagwada kupemphera kolona, kenako n'kudya mpunga ndi nsomba zouma akuseka. Ine ndine Melecio, mmisiri wa konkire. Ndinagwira ntchito pansi pa Takyo zaka makumi awiri, ndipo ndine ndinaimirira Renante pa ubatizo, n'chifukwa chake amanditcha Ninong, kutanthauza bambo wa ubatizo. Nkhaniyi ikundikhudza nanenso, ndipo sindidziyeretsa.

Takyo anali kapitawo wosadziwa kuyamba ntchito asanaijambule. Pakhonde pake pankakhala thabwa lalikulu lopaka utoto wakuda. Kumanzere ankalembako ntchito zonse motsatana, pamwamba masiku, ndipo ntchito iliyonse ankaijambulira kabokosi kotalika molingana ndi masiku ake. Ntchito ikatha, kabokosiko ankakadzaza ndi choko. Panalinso ulusi wofiira womangidwa pa timisomali, wodutsa pa ntchito zimene sizingadikire.

"Tamvera, Dong," ankatero kwa mwana wakeyo akadali wamng'ono, poti kwathu mwana wamwamuna timamuitana choncho. "Ntchito iliyonse uziifunsa mafunso atatu: ikudikira iti, idya masiku angati, mwini wake ndani. Zina zili ndi masiku a mpata, ukachedwa nazo pang'ono palibe chovuta. Koma ya paulusi wofiira ikachedwa tsiku limodzi, ntchito yonse yachedwa tsiku limodzi. Ndipo choko usamachigwire usanaone ndi maso ako."

Renante anali ndi mutu, zimenezo sindingamulande. Makolo ake anadzimana n'kumutumiza kumzinda wa Tacloban kukaphunzira zomangamanga. Anabwerako ndi pepala, manja ofewa ndi pakamwa potsetsereka.

Namondwe atatiphera anthu asanu ndi anayi, mudzi ndi mpingo tinagwirizana zomanga khoma la konkire m'mbali mwa nyanja, zigawo zisanu ndi chimodzi. Maziko a khoma lotere sungakumbe tsiku lililonse. Umadikira nyanja iphwe kwambiri, ndipo imatero kawiri pamwezi, masiku anayi okha. M'masiku amenewo umakumba mchenga mpaka m'chifuwa kuti ufike pathanthwe, n'kuthira konkire madzi asanabwerere. Ukaphonya, udikire masabata awiri.

Takyo anawerenga. Kuchokera mu Malichi kufika pa chikondwerero cha Petulo Woyera kumapeto kwa Juni, pamene mphepo imatembenuka nyanja n'kuwinduka, nyanja ikanaphwa kasanu ndi katatu. Kuphwa kulikonse chigawo chimodzi, kuwiri kotsalako kunali mpata. Tinamanga zigawo zinayi osataya ndi tsiku limodzi lomwe. Ndiye m'mawa wina kumayambiriro kwa Meyi, Takyo anagwa atagwira fosholo, ndipo mbali yonse yakumanja inafa. Kuchipatala anamubweza kuti azikagona kunyumba.

Thabwa linapita m'manja mwa Renante. Ndinalipo pamene bambo ake ankamupatsa choko ndi dzanja lamanzere, mawu akutuluka mokoka.

"Zatsala zigawo ziwiri, kuphwa kunayi. Loweruka lililonse uzibweretsa thabwali muno ndione."

"Musadandaule, Tay, bambo anga. Izi n'zimene ndinaphunzira."

Kuseri kwa msika kunali chisakasa cha Gardo, woweta atambala omenyana, amene ankagulitsanso tuba, mowa wathu wa kokonati. Pamenepo kapu imakhala imodzi, imazungulira, ndipo kuikana n'kunyoza anzako. Gardo atangoona choko m'thumba la Renante, anayamba.

"Ainjiniya afika! Khala pansi, pare mnzanga, kapu yafika pako."

"Ayi, ndikupita kudoko kukaitanitsa boti la miyala."

"Lero lomwe? Nyanja iphwa liti?"

"Masiku khumi ndi awiri akubwerawa."

"Ndiye ukuthamangira chiyani ngati wagwidwa m'mimba? Suja unati mdala wako anasiya mpata wa mwezi wathunthu? Mpata amaudya, pare, sauika m'botolo."

Anthu anaseka, Renante nayenso anaseka, n'kukhala pansi. Mwini boti ankafuna kuuzidwiratu kutatsala masiku khumi. Renante anakamuuza atatsala anayi. Nyanja inaphwa, ife tili pagombe ndi mafosholo athu, simenti ilipo, zitsulo zilipo, miyala palibe. Tinangoyang'ana mchenga ukuuma mpaka madzi anabwerera.

Loweruka anauza bambo ake kuti boti linawonongeka injini. Takyo anayang'ana thabwa.

"Mpata umodzi wapita. Mpata ndi wa mvula ndi matenda, Dong. Si wako, si wanga."

Petring sanapusitsike. Anamutsatira mwana wakeyo pakhonde ndipo ndinamva ndi makutu anga.

"Injini yake ikununkha tuba m'kamwa mwakomo. Bambo ako sangadzuke kukaona, ndiye wawasandutsa chitsiru?"

"Nay, mayi anga, musandilankhule ngati mwana. Ndandanda ndikuidziwa kuposa aliyense pachilumba pano."

"Kuidziwa n'kwina, kuitsata n'kwina. Anthu akugona kuseri kwa khoma limenelo."

Kuphwa kotsatira ndinachita kumukoka ndi malaya, ndipo chigawo chachisanu tinachimanga bwino. M'malo mochita mantha, mwanayo anangodzitukumula. Kwa Gardo ankati ntchito ikudziyendera yokha, ndipo kapu ikafika pake ankaikweza ngati wapambana chisankho. Anayamba kudzuka dzuwa lili pamutu. Kolona anasiya, akuti mawondo akumupweteka.

Kuphwa kwachitatu kunatayikanso. Pathabwa panalembedwa poyera kuti amuna makumi awiri okumba auzidwe kutatsala sabata, ndipo mwini ntchitoyo anali Renante. Sanauze munthu. Tsikulo litafika, amuna onse anali kunyanja kukapha nsomba, pagombe tinalipo atatu. Ndinapsa mtima. Ndinapita kuchisakasa kuja masanasana n'kumupeza akusisita tambala wa Gardo.

"Iwe, mpata watha! Kwatsala kuphwa kumodzi basi."

"Kumodziko n'kokwanira, Ninong. Chigawo chimodzi, kuphwa kumodzi. Masamu ake ndi amenewo."

"Akulu, imwani kaye, mitsempha ya m'khosi ingaduke," anatero Gardo akundipatsa kapu. Ndinaitayira pansi.

Kuphwa komaliza kunafika sabata ya chikondwerero isanakwane. Okumba analipo, miyala inalipo, koma pampu yochotsera madzi m'dzenje, imene tinkabwereka kumudzi wina, Renante anaiwala kukaitenga. Inafika tsiku lachitatu madzulo. Tsiku lachinayi tinakumba ngati amisala, koma nyanja inayamba kubwerera dzenje lili m'mawondo. Pansi panali mchenga wokhawokha.

"Thirani konkire," anatero Renante.

"Wapenga? Sitinafike pathanthwe."

"Ndiye titani, Ninong? Tidikire chaka chamawa? Ansembe akubwera kudzadalitsa khomali Lamlungu. Mukufuna ndikawauze Tatay kuti ndataya ndi kuphwa komaliza komwe? Muwaphe ndi mtima? Pamwamba lidzaoneka chimodzimodzi ndi zinazo."

Apa ndi pamene ndinachimwa ine. Ndinaganiza za mnzanga ali gone pabedi, ndinaganiza za manyazi a mwana wanga wa ubatizo, ndipo ndinathira. Okumba aja sankadziwa kusiyana kwake, koma ine ndinkadziwa. Ndinadziuza kuti mphepo ikadzatembenukanso tidzalimbitsa.

Loweruka Renante anandipempha kuti ndimuthandize kunyamula thabwa kulowa nalo kuchipinda. Kabokosi komaliza kanali koyera ndi choko kuchoka uku kufika uko. Takyo anatsata ulusi wofiira ndi chala mpaka pamsomali womaliza.

"Munafika pathanthwe?"

"Inde, Tay."

Anatembenuza maso n'kuyang'ana ine. "Pare?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope yake, ndipo anagwira dzanja la mwana wake n'kulipsompsona. Sindinadye tsiku limenelo.

Ansembe anawaza madzi odalitsa, nkhumba inawotchedwa, anthu anamuombera m'manja Renante. Miyezi inayi inadutsa. Nthawi iliyonse ndikamukumbutsa zolimbitsa, ankati tidikire nyanja ikhale bata, n'kubwerera kwa Gardo.

Mu Okutobala wailesi inalengeza kuti namondwe wamkulu afika mawa lake chakumadzulo. Aliyense anayenera kukwera kusukulu ya paphiri. Oyenda okha anali osavuta, koma tinali ndi okalamba ndi odwala khumi ndi mmodzi ofunika kunyamulidwa pamachira, ndipo machira anali amodzi. Mkulu wa mudzi anabwera kwa Takyo, monga tinkachitira nthawi zonse, kuti akonze ndandanda.

Takyo anatiuza tifufute kuseri kwa thabwa. Ulendo uliwonse wokwera ndi kutsika unkadya mphindi makumi anayi. Anayamba ndi okhala kumapeto kwa mudzi, kumene khoma silinafike, kenako akumtsinje. Dzina lake analiika pansi penipeni.

"Ine ndikhala womaliza. Nyumba ino ili kuseri kwa chigawo chachisanu ndi chimodzi, chomanga mwana wanga. Palibe wotetezeka kuposa ine."

Nkhope ya Renante inatuwa. "Tay, bwanji muyambe ndinu? Ndinu wodwalitsa."

"Chifukwa chiyani? Pali chimene sindikuchidziwa?"

Mkulu wa mudzi analipo, Petring analipo. Mawu ochepa chabe oulula za maziko aja akanakwana. Renante anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi.

"Palibe, Tay."

"Ndiye tsatani ndandanda. Petring, iwe upite ndi ulendo woyamba ukakonze pogona."

M'mawa mwake tinayamba kunyamula kukungocha, ine, Renante ndi amuna ena awiri. Mwanayo anathamanga tsiku limenelo kuposa masiku onse a moyo wake, akufuna kubweza ndi miyendo masiku amene anawamwa. Koma namondwe anafulumira. Pofika ulendo wachisanu ndi chinayi mvula inali ikumenya cham'mbali, malata akuuluka. Titatula gogo wa ulendo wakhumi, tinatsika ndi machira opanda munthu, nthawi ili cha m'ma wani koloko masana.

Tinali pakati pa phiri pamene tinaona. Mafunde ankamenya khoma lonse mofanana. Zigawo zisanu zinaima nji. Chachisanu ndi chimodzi chinapendekeka pang'onopang'ono ngati chitseko chothothoka, kenako n'kugona. Nyanja yonse inalowera pampata umenewo, ndipo nyumba yoyamba kukumana nayo inali ya Takyo.

Renante anakuwa "Tay!" n'kuyamba kuthamangira kumadziko. Tinachita kumugwetsa pansi amuna atatu n'kumukhalira.

Mtembo tinaupeza patapita masiku awiri m'mitengo ya m'matope, kutali ndi mudzi. Chigawo chija chinali chagada pamchenga, maziko ake ali poyera kuti aliyense awaone. Sipanafunike wofotokoza. Ana asukulu omwe ankaima pambali pake n'kumayeza ndi miyendo yawo.

Pamaliro Renante anagwada pamaso pa mayi ake anthu onse akuona, n'kuulula zonse: boti, okumba, pampu, choko. Nane ndinagwada pambali pake n'kunena zanga. Petring sanalire ndipo sanakweze mawu.

"Anakufunsa kawiri, Dong. Ulesi ndikanaumvetsa, mowa ndikanaupirira. Koma anakufunsa kawiri."

Anasamukira kwa mchemwali wake ku Ormoc ndipo sanabwerenso. Gardo anamanga chisakasa china, ndipo ndamva amauza makasitomala ake kuti iye sanakakamizepo munthu kumwa. Renante palibe amamupatsa ntchito yoyang'anira, ngakhale ya khola la nkhuku. Mowa anasiya, kutchalitchi amakhala benchi lakumbuyo, ndipo Mulungu yekha ndiye akudziwa ngati mtima wake unapeza chikhululukiro. Chaka chotsatira mudzi unamanganso chigawocho pansi pa kapitawo wina. Ine ndi Renante tinapempha kuti tikhale okumba wamba, ndipo tinakumba mpaka fosholo inalira pathanthwe. Khomalo lilipo, koma kuseri kwake kulibe nyumba.

Achinyamata inu, ndikuuzeni mosazungulira. Masiku a mpata si anu oti muwamwere mowa. Ntchito imene anthu ena akuidikira muichite tsiku lake, pakuti ulesi ndi tchimo, ndipo ukakula umafuna bodza loti liuphimbe. Mukachedwa, nenani kuti mwachedwa, manyazi sapha munthu. Musalembe kuti ntchito yatha isanathe, chifukwa wina adzakhulupirira zimene mwalembazo n'kukonzerapo moyo wake. Ndipo inu akuluakulu anzanga, mukaona mwana akunama musamugwedezere mutu monga ndinachitira ine. Takyo sanalakwitse ndandanda yake ndi mphindi imodzi yomwe. Anangokhulupirira choko cha mwana wake ndi mutu wa mnzake, n'kudziika womaliza.