Manijala wa Chigayo cha Amalume

Tsiku lina madzulo Digiri ankasita bulauzi yake yoyera pakhonde, yomwe ankasungira tsiku lodzayitanidwa kuntchito. Dzina limeneli anamupatsa ndi anthu a m'mudzimo pomuseka, poti mtsikanayu anachoka kuyunivesite ndi pepala la luso loyendetsa bizinesi, n'kudzakhala pakhomo ngati mphaka. Aphunzitsi ake ankati njira zilipo zambiri: kubanki, kukampani, kumabungwe, ulangizi wa zamalonda, kapena kuyamba yakoyako. Njira zonsezo zinathera pakhonde la amayi ake, ndipo zinkamupweteka kwabasi.

Amalume ake, mwini chigayo chokhacho m'deralo, anatulukira akupukuta manja pathalauza.

"Iwe mphwanga, akuti kusukulu kuja munkaphunzira kukuza bizinesi. Yanga ingakule bwanji?"

Digiri anasangalala mpaka kutsala pang'ono kuwotcha bulauzi. Aka kanali koyamba munthu kumupempha nzeru, ndiye anakhuthula zonse.

"Tsegulani nthambi m'midzi ina wina asanakutsogolereni. Koma mupeze antchito osatopa, osathawa. Musamatenge alendo, muzitenga anthu owadziwa bwino. Ikakula mudzafunanso manijala wophunzira."

"Osathawa," anabwereza amalume akugwedeza mutu. "Sukulu ndi yabwino ndithu."

Nthambi yoyamba itangotsegulidwa, bambo wokonza njinga anagwa masanasana akupopa tayala, osadzukanso. Munthu amene sanadwalepo ngakhale chimfine! Itatsegulidwa yachiwiri, mayi wosoka zovala anapezeka atauma pamakina ake. Kenaka maliro anayamba kutsatana ngati abakha, ndipo onse omwalirawo anali anthu amphamvu, odziwika ndi khama.

Mphekesera zinayamba kuyenda. Akuti chigayo chinkalira ngakhale magetsi atazima. Akuti ufa wake unkanunkha dothi lonyowa la kumanda.

"Mwawaona mapazi ali paufa paja? Onse ndi olowa, otuluka palibe."

"Tsekani pakamwa, muli ndi ana inu."

Digiri ankaziseka zimenezi. Koma kusukulu anamuphunzitsa kufunsa funso limodzi pa bizinesi iliyonse: ntchitoyi akugwira ndani? Nthambi zinkachuluka, koma iye sanaonepo wantchito akuweruka, kapena akugula sopo pagolosale.

Tsiku lina masana magetsi atazima, anapita kuchigayoko. Chinkalira ndithu, mwapansipansi ngati munthu wobuula. Chitseko cha chipinda chakumbuyo chinali chotseguka pang'ono, ndipo anasuzumira. Wokonza njinga uja anali mmenemo, atayera mbuu ndi ufa, akuzunguza gudumu ndi manja. Pakona panali mayi wosoka uja, atavala diresi lomwe anamuika nalo, akusoka matumba. Mayiyo anamuyang'ana n'kutsegula pakamwa kuti anene kanthu. Munalibe lilime.

Digiri anathamanga osacheuka. Mantha analipo, koma choposa mantha chinali kudziwa kuti anthu aja anawasankha ndi iye mwini, pakhonde paja, simbi yositira ili m'manja.

Atangofika kunyumba foni inalira. Kampani ina ya m'tauni inkamufuna kuti akayambe ntchito mawa lake. Anauza amayi ake kuti anyamuka mbandakucha, ndipo asauze munthu. Koma mayi amene wasekedwa nthawi yaitali chifukwa cha mwana angasunge bwanji nkhani yokoma chotere? Anauza munthu mmodzi yekha, mlongo wawo.

Dzuwa likulowa, amalume anafika.

"Ndamva ukupita. Nanga nthambi zonsezi aziyang'anira ndani?"

"Mupeza wina, amalume."

"Mlendo? Iwe wemwe unati ndisamatenge alendo."

Anamusisita paphewa n'kumapita akuimba mluzu. Paphewapo panatsala chizindikiro cha dzanja la ufa. Digiri anasasa, anachapa, koma ufawo unakanirira, ndipo malowo ankazizira ngati mwala wa kumtsinje.

Kutacha anavala bulauzi yoyera ija, n'kunyamula chikwama kupita pamsewu. Basi inabwera. Anakweza dzanja, anakuwa, koma kondakitala anangoyang'ana pamene iye anaimapo ngati palibe munthu, basi n'kudutsa. Ndipamene anamva kulira kuchokera kwawo. Anali amayi ake, akuitana dzina lake lenileni, lomwe anthu anali ataliiwala.

Anafuna kuthamangira kunyumba kukawauza kuti ali moyo. Miyendo inakana. Inatembenuka yokha n'kulunjika kuchigayo. M'chipinda chakumbuyo anapezamo tebulo latsopano, mpando, ndi makiyi a nthambi zonse.

"Takulandirani, a manijala," anatero amalume.

Digiri anatsegula pakamwa kuti akane, koma munangotuluka mpweya.

Pamaliro pake amalume analira kuposa aliyense. Anthu ankagwedeza mitu mwachisoni, ngakhale omwe ankamuseka aja.

"Mwana wophunzira chonchi," ankatero, "kupita osagwirako ntchito ngakhale tsiku limodzi."