Kamlomo ndi Makutu a Bebi

Kamlomo ndi mtsikana wolongolola. N'chifukwa chake amamutchula Kamlomo.

Kamlomo ali ndi mng'ono wake wakhanda. Onse amangoti Bebi.

Kamlomo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti akaitana, Bebi azicheuka.

"Bebi," anaitana Kamlomo. Bebi sanacheuke.

Kamlomo anaimba nyimbo. Bebi sanacheuke.

Kamlomo anaomba m'manja. Bebi ankangoyamwa chala.

"Amayi, Bebi samva," anatero Kamlomo.

Amayi ankapinda matewera. "Wosamva ndiwe," anatero. "Nsapato zako zija wachotsa pakhomo?"

"Ababa, Bebi samva," anatero Kamlomo.

Ababa ankakonza wailesi. "Akadali wamng'ono," anatero.

Kamlomo zinamukwana. "M'nyumba muno palibe amene amamva," anadandaula.

Anatenga chivundikiro cha poto. Anatenganso supuni. Anaima kumbuyo kwa Bebi.

"Amayi, ababa, taonani kuno."

Ngwe, ngwe, ngwe!

Amayi anadzidzimuka. Ababa anagwetsa wailesi. Mphaka anathawira pansi pa bedi. Bebi sanaphethire n'komwe.

Amayi anasiya matewera. Anayang'anizana ndi ababa.

Kutacha, onse anapita kuchipatala. Adokotala anayeza Bebi. Anayeza, nayezanso.

"Pali kachilombo kotchedwa CMV," anatero adokotala. "Kanamulowa Bebi asanabadwe. Kanavulaza m'kati mwa makutu ake. Palibe amene analakwa. Mwachita bwino kubwera msanga."

Patapita masiku, Bebi analandira timakina ta m'makutu. Timakinato timathandiza kumva.

Amayi anamuveka. Bebi anavula.

Amayi anamuvekanso. Bebi anavulanso. Anaika kamakina kamodzi m'kamwa.

"Iwe Bebi, si chakudya chimenecho," anatero Kamlomo. "Umatopetsa, ukudziwa?"

Kamlomo anamugwiritsa chidole m'manja. Amayi anamuveka timakina msangamsanga.

"Bebi!" anakuwa Kamlomo.

Bebi anadzidzimuka. Analira mokweza.

"Nanga ndalakwanso chiyani?" anafunsa Kamlomo.

"Sunalakwe, mwanangu," anatero amayi. Misozi inali mbwee m'maso mwawo. "Wakumva. Koma tsitsa mawu."

Kamlomo anagwada pafupi. Anatsitsa mawu.

"Bebi, ndine mkulu wako."

Bebi anatonthola. Anacheuka. Anamuyang'ana Kamlomo m'maso. Kenaka anamugwira mphuno n'kukoka.

"Amayi, mphuno yanga," anadandaula Kamlomo.

Amayi anaseka. Ababa anaseka. Bebi nayenso anaseka.

Mphuno inkawawa ndithu. Koma Kamlomo sanachotse kadzanjako.