Nthungululu ya Kondwa

Kondwa amakhala ku Palabana. Amakhala ndi amai ake ndi atate ake. Kwao kuli ng'ombe za mkaka. Kulinso mbuzi imodzi yamwano.

Kondwa amakonda nyimbo. Amakonda mafilimu. Koma koposa zonse, amakonda ba Clarissa.

Ba Clarissa ndi oimba a ku Lusaka. Amaimba pa wailesi. Amavina pa TV. Amaseweranso m'mafilimu. Akaseka m'filimu, Kondwa amaseka. Akalira m'filimu, Kondwa amalira.

Ba Clarissa amamanga chitambala chachikasu kumutu. Kondwa nayenso amamanga chitambala chachikasu. Ndi cha amai ake. Ndi chachikulu. Chimagwera m'maso.

Koma Kondwa anali ndi vuto. Sankatha kuimba nthungululu.

Ku Palabana, munthu akaimba bwino, azimai amaimba nthungululu. Amaimba ku tchalitchi. Amaimba pa ukwati. Amaimba mlendo wokondedwa akafika. Ndiyo zikomo yao yaikulu.

Amai a Kondwa ndiwo akatswiri. Nthungululu yao imamveka mpaka ku msewu wa maminibasi.

Kondwa ankafuna kuthokoza ba Clarissa chimodzimodzi. Nyimbo ikatha pa wailesi, ankatsegula pakamwa.

"Le... le... bwe."

Kunena zoona, imeneyo sinali nthungululu. Ngakhale mbuzi inadziwa.

"Meee," inatero mbuzi.

Atate anaseka. "Wamva, Kondwa? Mnzako wayankha."

"Atate, musaniseke," anatero Kondwa.

Kondwa anapita kwa amai ake. Amai ankatsuka zigubu za mkaka.

"Amai, niphunzitseni."

"Tsegula pakamwa," anatero Amai. "Lilime lizithamanga."

Kondwa anatsegula pakamwa. Lilime linakana kuthamanga.

"Le... le... bwe."

"Usadandaule, mwana wanga. Ibwera yokha."

"Ibwera liti?"

"Kaya," anatero Amai. "Siinena."

Kondwa sanaleke. Anayesa ku mjigo. Anayesa ku khola. Anayesa pa njira ya ku sukulu. Ng'ombe zinkangomuyang'ana. Mbuzi yokha ndiyo inkayankha.

Loweruka lina, Atate anapita kukasiya mkaka. Anabwerako msanga. Anapalasa njinga mwamphamvu. Zigubu zinkalira kumbuyo, gobede gobede.

"Kondwa, manga chitambala chako. Ba Clarissa ali pa msewu wathu."

"Atate, muninamiza."

"Sininama. Apanga filimu pa mtengo wa mango waukulu uja."

Kondwa anayang'ana nkhope ya Atate. Sankaseka. Kondwa anathamangira m'nyumba. Anamanga chitambala. Chinagwera m'maso. Anachikweza. Chinagweranso. Anangochigwira ndi dzanja.

Onse atatu anapita ku mtengo wa mango.

Kunali anthu ambiri. Kunali minibasi yoyera. Kunali lole yaikulu. Kunali kamera ya miyendo itatu. Bambo wina ananyamula ndodo yaitali. Kunsonga kwake kunali chinthu chaubweya, ngati mchira wa galu.

Mai wina wamfupi anabwera kutsogolo. Anavala chipewa chachikulu. Dzina lao linali ba Mwape. Iwo ndiwo ankatsogolera filimu.

"Muli bwanji nonse?" anatero ba Mwape. "Mungathe kuonerera. Koma tipangane."

Analoza ndodo yaitali ija.

"Ichi ni maikolofoni. Chimamva chilichonse. Nikati chete, tonse chete. Wochita phokoso apite kuseri kwa lole."

Kondwa anayang'ana lole. Kuseri kwake sungaone kanthu. Sungaone kamera. Sungaone minibasi. Sungaone ba Clarissa.

"Nikhala chete," anatero Kondwa.

Atate anagwira belu la njinga. Kenako anatembenukira kwa Amai.

"Amake Kondwa, lero nthungululu yanu muisunge m'thumba."

"Namva," anatero Amai.

"Kondwa yekha sitimuopa," anatero Atate. "Yake siituluka."

Kondwa anakwinya nkhope. Koma zinali zoona.

Ba Mwape anafotokoza filimu. Inali ya mtsikana woimba. Anachoka kwao kalekale. Anakakhala m'tauni. Lero akubwerera kwa amai ake.

"Chete," anatero ba Mwape.

Onse anakhala chete.

Chitseko cha minibasi chinatseguka. Panatuluka nsapato yofiira. Panatuluka chikwama. Panatuluka chitambala chachikasu.

Anali ba Clarissa. Osati a pa TV. Osati a pa wailesi. Ba Clarissa enieni, oponda fumbi la ku Palabana.

Anayenda pang'onopang'ono. Anayamba kuimba.

"Nafika, nafika, pakhomo pa amai.
Tsegulani geti, mwana wanu nafika."

Abale, mawu ao. Anali okoma kuposa a pa wailesi.

Kondwa anaiwala kamera. Anaiwala lole. Anaiwala chitambala chake. Nyimbo inalowa m'makutu. Inatsikira m'chifuwa. Inakwera pakhosi. Inafika pa lilime.

"Lululululululu!"

Inali yaitali. Inali yokweza. Inali nthungululu yeniyeni.

Mbalame zinathawa mu mtengo wa mango. Bambo wa ndodo anagwira makutu. Ba Clarissa anasiya kuimba.

"Imani," anatero ba Mwape.

Anthu onse anayang'ana Amai.

"Si ine," anatero Amai.

Anthu onse anayang'ana Kondwa. Kondwa anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Chitambala chinagwera m'maso.

Ba Mwape anabwera pafupi. Sanakalipe.

"Mwana wanga, tinapangana chiyani?"

"Wochita phokoso apite kuseri kwa lole," anatero Kondwa.

Kondwa anapita kuseri kwa lole. Amai anapita naye. Anakhala pansi. Kunalibe choona. Kunali matayala okha.

Kondwa analira.

"Amai, naononga filimu ya ba Clarissa."

"Pangano waphwanya, n'zoona," anatero Amai. Anamupukuta misozi ndi chitenje. "Koma yabwera, mwana wanga. Naimva ndi makutu anga."

"Yabwera pa nthawi yoipa."

"Ninakuuza. Siinena."

Kondwa anayang'ana pansi. Anaona fumbi. Anaona tayala. Kenako anaona nsapato zofiira.

Anakweza maso. Anali ba Clarissa.

Kondwa anagwada msanga.

"Pepani, ba Clarissa. Sininafune. Inatuluka yokha."

"Dzina lako ndani?"

"Ndine Kondwa."

"Imirira, Kondwa."

Kondwa anaimirira.

"Ku Lusaka nikaimba, anthu amaomba m'manja," anatero ba Clarissa. "Ena amakweza mafoni. Nimakondwa. Koma nikapita kwathu, amai anga amaimba nthungululu. Lero wanikumbutsa amai anga."

Ba Clarissa anagwira dzanja la Kondwa. Anatuluka naye kuseri kwa lole. Anapita naye kwa ba Mwape.

"Ba Mwape, nifunseko," anatero ba Clarissa. "Mwana wafika kwao. Anachoka kalekale. Ndiye anthu angokhala chete? Kwao kwake kuti kumeneko?"

Ba Mwape anavula chipewa. Anakanda kumutu. Anayang'ana azimai a ku Palabana. Azimai onse anali atatseka pakamwa. Ena masaya anali atatupa. Nthungululu zinkafuna kutuluka.

Ba Mwape anaseka.

"Mwanena zoona. Tiyambirenso. Kondwa, uyambe ndiwe. Azimai onse atsatire. Koma udikire nikweze dzanja. Tapangana?"

"Tapangana," anatero Kondwa.

Anamuimika pafupi ndi mtengo wa mango. Ba Clarissa analowanso mu minibasi. Kamera inatembenuka. Inayang'ana Kondwa ndi diso lake limodzi lalikulu.

"Chete," anatero ba Mwape.

Chitseko chinatseguka. Ba Clarissa anatuluka. Anaimba. Ba Mwape anakweza dzanja.

Kondwa anayang'ana kamera. Kamera inayang'ana Kondwa. Kondwa anatsegula pakamwa.

"Le... le... bwe."

Ana ena anaseka. Kondwa anachita manyazi kwambiri. Anafuna kubwerera kuseri kwa lole.

Koma Atate sanaseke. Anaimika njinga. Anabwera kwa Kondwa.

"Uli nayo, mwana wanga," anatero Atate. "Naimva ine. Mbalame nazo zaimva."

"Nanga ikakananso?"

"Palibe vuto," anatero ba Mwape. "M'filimu timabwereza."

Amai anawerama. Ananong'oneza m'khutu mwa Kondwa.

"Usayang'ane kamera. Kamera siimba. Yang'ana ba Clarissa."

Anayambiranso.

"Chete," anatero ba Mwape.

Chitseko chinatseguka. Panatuluka nsapato yofiira. Panatuluka chikwama. Panatuluka chitambala chachikasu.

"Nafika, nafika, pakhomo pa amai.
Tsegulani geti, mwana wanu nafika."

Kondwa anayang'ana ba Clarissa. Ba Clarissa anayang'ana Kondwa. Nyimbo inalowa m'makutu. Inatsikira m'chifuwa. Inakwera pakhosi. Kondwa anaigwira. Anadikira. Anadikira.

Ba Mwape anakweza dzanja.

"Lululululululu!"

Amai anatsatira. Azimai onse anatsatira. Msewu wonse unadzaza nthungululu. Bambo wa ndodo anamwetulira. Ba Clarissa anaponya chikwama pansi. Anavina pa fumbi. Misozi inatsika m'masaya mwao. Sinali misozi ya filimu.

"Imani," anatero ba Mwape. "Basi, ndi yomweyo."

Asanapite, ba Clarissa anaitana Kondwa.

"Bwera kuno. Chitambala ichi chikuvuta."

Anachimasula. Anachipinda pakati. Anachizunguliza kumutu kwa Kondwa. Anamanga mfundo pambali, monga amamangira chao.

Kondwa anagwedeza mutu. Chitambala sichinagwe.

"Zikomo, ba Clarissa."

"Zikomo ndiwe, Kondwa."

Minibasi inapita. Lole inapita. Fumbi linakhala pansi.

Kondwa anadikira filimu. Mvula inabwera. Chimanga chinamera. Kondwa ankafunsa tsiku lililonse.

"Amai, filimu ibwera liti?"

"Kaya," ankatero Amai.

Chimanga chinakhwima. Anthu anakolola. Kenako uthenga unafika. Ba Mwape abweretsa filimu ku sukulu.

Linali Loweruka masana. Anthu anadzaza m'holo. Anatseka mawindo ndi zitenje. M'kati munada bii. Kondwa anakhala pakati pa Amai ndi Atate. Anamanga chitambala chachikasu. Mfundo inali pambali.

Filimu inayamba pa khoma loyera.

Ba Clarissa anaseka. Kondwa anaseka. Ba Clarissa analira. Kondwa analira.

Kenako panaoneka minibasi yoyera. Panaoneka mtengo wa mango.

"Ndi msewu wathu," ananong'oneza Atate. "Onani njinga yanga iyo."

Panaoneka nkhope ya mtsikana. Inali yaikulu ngati chitseko. Inali nkhope ya Kondwa.

"Lululululululu!" anatero Kondwa wa pa khoma.

Amai anaimirira. Anaimba nthungululu yao yaikulu, ija imafika ku msewu wa maminibasi. Azimai onse anatsatira. Palibe anati chete.

Kondwa anakoka chitenje cha Amai.

"Amai, ba Clarissa sangamve. Ali ku Lusaka."

"Iyi si ya ba Clarissa," anatero Amai. "Iyi ni yako."

Kondwa anamwetulira mpaka masaya kupweteka.

Atate nawo anaimirira. Anali okondwa kwambiri. Anatsegula pakamwa.

"Le... le... bwe."

Holo yonse inaseka. Amai anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Kondwa anagwira dzanja la atate ake.

"Musadandaule, Atate," anatero Kondwa. "Ibwera yokha."